Cinsault kapena Grenache: tiike uti patebulo?

Mphesa ziwirizi zimalimidwa moyandikana kumwera kwa France, ndipo opanga vinyo kumeneko amakonda kuzisakaniza m'botolo limodzi. Koma mukagula vinyo wa mtundu uliwonse payekha, mupeza kuti aliyense ali ndi ndiwo zake.

Grenache kwawo ndi ku Spain, komwe amati Garnacha, pomwe ku Sardinia amati Cannonau. Mphesa zake zimachedwa kupsa ndipo zimafuna dzuwa lambiri, choncho shuga amachuluka, vinyo n'kukhala waukali, kawirikawiri 14 mpaka 15 peresenti. Grenache ndiye amachuluka mu vinyo wotchuka wa ku France wa Châteauneuf-du-Pape. Vinyo wotereyu amafuna nyama yonona: mwendo wa nkhosa wootcha ndi adyo monga amachitira ku Provence, kapena mbuzi yomwe yakhalitsa pamoto mpaka mnofu kulekana ndi fupa. Chenjerani ndi tsabola wa kambuzi. Akakumana ndi ukali wa Grenache, m'kamwa mumangoyaka, ndiwo osazimvanso kukoma.

Cinsault ndi wopepuka, wofiira motuwira, wonunkhira ngati sitiroberi, ndipo ukali wake umakhala cha m'ma 12 kapena 13 peresenti. Saumitsa m'kamwa monga amachitira tiyi wa masamba ambiri, n'chifukwa chake amagwirizana ngakhale ndi nsomba, pomwe vinyo wofiira wambiri amaipangitsa kumveka chitsulo palilime. Muikeni m'furiji kwa theka la ola, mum'thire m'tambula pambali pa chambo chootcha cha khungu lopserera pang'ono, chofinyira ndimu, mudzandiuza. Nkhuku ya msuzi wa tomato, nyemba, ngakhale ndiwo za tsabola, zonse amayenda nazo.

Mphesa za Cinsault zinafika kutali. Ku Lebanon, opanga vinyo a Château Musar amazisakaniza ndi mphesa za Cabernet Sauvignon komanso Carignan. Ku South Africa ankazitcha Hermitage, ndipo mu 1925 Abraham Perold wa ku Stellenbosch anazikwatitsa ndi mphesa za Pinot Noir, n'kubadwa mtundu watsopano wotchedwa Pinotage. Inu muli ku Cape Town kapena ku Joni, funsani Cinsault wa m'dera la Swartland, makamaka wochokera ku mitengo yakale.

Ine ndimakondera Cinsault, sindibisa, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala vinyo wa 15 peresenti amalemera m'mutu mbale isanathe. Grenache ndimamusungira usiku wozizira wa mu Juni, tsiku lomwe mphika wa mbuzi uli pamoto, ndipo tsikulo kambuzi ndimachepetsa.