Kennecott kapena Sewell: Matauni Awiri a Mkuwa Omwe Anasanduka Mabwinja

Wofuna kudziwa mmene tauni ya kampani yamigodi imafera angathe kusankha pakati pa Kennecott ku Alaska ndi Sewell ku Chile.

Kennecott inafa mwadzidzidzi. Njanji inafika kumeneko mu 1911, ndipo miyala ya mkuwa wabwino itatha, sitima yomaliza inachoka mu November 1938, anthu n'kusiya ziwiya ndi makina m'nyumba zamatabwa zofiira.

Sewell, yomwe kampani ya Braden Copper inamanga mu 1905 pamapiri a Andes, inatha pang'onopang'ono ngakhale kuti mgodi wake wa El Teniente ukugwirabe ntchito mpaka lero. Malowo ndi otsetsereka kwambiri moti anthu ankayenda pa masitepe m'malo mwa misewu, ndipo panthawi ina munkakhala anthu pafupifupi 15,000, omwe pambuyo pake anasamutsidwira kumzinda wa Rancagua. Mu 1945 utsi wa moto unapha anthu 355 mumgodimo. Chodabwitsa n'chakuti Braden inali m'manja mwa kampani ya Kennecott Copper, yomwe inalinso mwini wa tauni ya Kennecott ija.

Ine ndingasankhe Sewell, yomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pamndandanda wa malo otetezedwa mu 2006, chifukwa imaonetsa moyo wa mabanja, pomwe ku Kennecott chokopa maso kwenikweni ndi chigayo chophwanyira miyala ya mkuwa.