Akiliki kapena penti wa mafuta pankhope ya kachidole?

Mutu wa kachidole ka msilikali ka sikelo ya 1/35 (kutalika kwa munthu weniweni mutakugawa ndi 35) sufika n'komwe pa njere ya mtedza, choncho penti amene mwasankha sabisika. Penti wa akiliki, monga wa kampani ya Vallejo, amauma m'mphindi zochepa. Mumamusungunula ndi madzi n'kupaka mopyapyala kangapo, koma mukangochedwa pang'ono, mzere umatsalira pakati pa tsaya ndi mphuno.

Wa mafuta amatenga masiku kuti aume, ndipo ubwino wake uli pomwepo. Ndi kaburashi kouma mumasakaniza kufiira kwa masaya ndi kamthunzi ka pansi pa chibwano, pang'onopang'ono, mpaka khungu lioneke lamoyo. Pakhungu ine ndimasankha ameneyu mosakayika.

Koma pamaso ayi. Kadontho ka diso kamafuna akiliki, chifukwa wa mafuta amayenderera n'kudetsa poyera pa diso.