Dimba lija ndinalipha ndekha

Achemwali mumafunsa za dimba lija, ndingoyankha pano kuti nonse mumve. Linafa, ndipo wolipha ndi ine.

Kuno ku Albuquerque, New Mexico, ku America, tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mvula ya chaka chonse siimakwana ndi mamilimita 250 omwe, pomwe ku Lilongwe imadutsa 800. Masana dzuwa lake lolasa, mu Januwale madzi amachita kuundana panja. Ine ndi mtima wakwathu ndinadzala kapinga ndi maungu nkumathirira mmawa ndi madzulo, bilu ya madzi itabwera ndinakhala kaye pansi eeh. Komanso kuyambira 1 Epulo mpaka 31 Okutobala saloleza kuyatsa ma sprinkler pakati pa 11 koloko mmawa ndi 7 koloko madzulo, poti madziwo amangouluka ndi dzuwa. Mu 2022 mtsinje wa Rio Grande unauma mkati mwa tauni momwe muno, ndiye nkhani ya madzi sachita nayo masewera.

Agogo ena a neba ndi amene anandithandiza, anati zula kapingayo udzale zomera zakonkuno. Ndinagula chamisa, Apache plume, desert willow ndi udzu wa blue grama, nkuyala timapaipi todontheza madzi patsinde penipeni, pamwamba nkuthira timiyala kuti chinyontho chisathawe. Kukumba kwake ndiye ayi ndithu, pansi pali dothi loyera lolimba ngati simenti, amati caliche, khasu limangodumpha. Koma chimene chinandivuta kwambiri ndi kusathirira. Penstemon yanga yoyamba (ndi mtundu wa maluwa akonkuno) inaola mizu chifukwa ndimaimvera chisoni nkumaipatsa madzi daily, agogo aja anangoseka nkuti chaka choyamba thirira kwambiri koma patalipatali kuti mizu itsike pansi, ikagwira uzisiye. Dzanja limayabwa abale ukaona dothi lili gwaa iwe paipi ili pomwepo.

Nkhwani sindinasiye, musandiseke. Ndinatengera a Zuni, anthu a kuno kuyambira kalekale, amene amaumba timabedi tamakona anayi tokhala ndi timakoma tadothi kuti madzi asasefukire, zikufananako ndi maenje aja amalume amadzalamo chimanga. Ndili nato tinayi basi kuseri kwa khitchini, ndimathirira ndi ndowa.

Pano chamisa yachita maluwa achikasu bwalo lonse, njuchi mbwee, ngakhale fungo lake lokha sindinalizolowere mpaka lero.