WhatsApp, YouTube, Siyavula, PhET kapena TESSA: chothandiza mphunzitsi wa Fomu 1 kuno kummawa n'chiti?

Kuyambira mu 2025, pamene silabasi yatsopano inalowa m'makalasi a Fomu 1, funso limene limamveka kawirikawiri m'zipinda za aphunzitsi kuno kummawa kwa Zambia ndi lakuti, "Anzanga, zophunzitsira mukuzipeza kuti?" Ndondomeko ya maphunziro ya 2023 inasintha zambiri nthawi imodzi. Pulayimale ikutsikira ku zaka 6, Fomu 1 ikulowa m'malo mwa Giredi 8, ndipo mwana ayenera kuonetsa zimene angathe kuchita, osati kungobwereza zimene waloweza. Masikimu a silabasi ya 2013, amene ambiri tinkangosinthako madeti chaka ndi chaka, sakukwaniranso. Aliyense wathawira pafoni.

Pafonipo zilipo zambiri, koma n'zosiyana mphamvu. Ine ndimaziyeza ndi funso ili: kodi chinthuchi chidzagwira ntchito Lolemba m'mawa, m'kalasi yodzaza, malaiti atapita ndiponso bando itatha? Amene anaphunzitsa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo malaiti akuzima maola ambiri patsiku, akudziwa chifukwa chake ndikufunsa chonchi. Mphunzitsi wokhala cha ku Kapata angathe kuonera vidiyo usiku uliwonse. Mnzake wa mkati mwa Vubwi kapena Chipangali amadikira tsiku la malipiro kuti afike pamalo pomwe Airtel, MTN kapena Zamtel ikukoka bwino.

Magulu a WhatsApp ndiwo tonse tili nawo, ndipo pa changu ndi kutchipa palibe chowaposa. Chikalata cha PDF chimatsika ngakhale netiweki ikutsimphina, ndipo chikatsika chimakhala m'foni mpaka mutachifufuta nokha. Masikimu, malesoni pulani, manotsi, mapepala a mayeso akale, zonse zimadutsa m'menemo. Koposa apo muli anthu. Mukafunsa madzulo momwe mungayambire mutu wovuta, mnzanu wa ku Petauke kapena ku Lundazi amayankha asanagone, ndipo amayankha ngati munthu wodziwa kuti kalasi yanu ilibe labu.

Vuto lake n'lakuti zambiri za m'menemo zilibe mwini. Chikalata chimafika chitadutsa m'mafoni ambirimbiri, dzina la wolemba linadulidwa kalekale. Tsegulani sikimu yolembedwa pamwamba kuti ndi ya Fomu 1 ya silabasi yatsopano, kenako muyang'ane mbali yomwe amalembako mabuku. Nthawi zina mupeza mabuku a Giredi 8, mitu yomwe ija mu ndondomeko yomwe ija, wina anangosintha mawu a pamwamba. Mayankho a masamu ena amakhala olakwa, ndipo mphunzitsi wotopa amawakopera pabolodi momwemo. Zili ngati salaula ya ku Saturday Market: jekete labwino lilimo, koma mulitembenuze kunja ndi mkati musanalipire. Palinso ochenjera amene amatenga silabasi yaulere n'kumaigulitsa kudzera pa ndalama za pafoni. Za omwe amalonjeza "likeji" nyengo ya mayeso sindichulukitsapo mawu: ndi mlandu, ndipo ntchito imathera pomwepo. Magulu a Facebook ndi chimodzimodzi, kungoti phokoso ndi lochulukirapo ndipo chikalata chimene munachiona dzulo n'chovuta kuchipezanso.

Pa nkhani za ntchito yathu, WhatsApp ndi masamba a boma amasiyana motere: WhatsApp amafika msanga, masamba a boma amafika ndi chidindo. Nthawi iliyonse yolemba aphunzitsi ntchito, monga mu 2022 pamene boma linalemba oposa 30,000, mafoni amadzaza ndi mindandanda ya maina, ina yeniyeni, ina yopeka, ndipo pamatuluka anthu odzitcha mabwana a ku Lusaka ofuna "kenakake" kuti dzina lilowe kapena kuti musamutsidwe. Nkhani yolemba ntchito, kukweza ndi kusamutsa mwini wake ndi Teaching Service Commission. Ya kulembetsa ndi satifiketi yophunzitsira ndi ya Teaching Council of Zambia, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Ya masiku a mayeso ndi malamulo ake ndi ya ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'dziko lino, ndipo silabasi imachokera ku Curriculum Development Centre pansi pa Unduna wa Maphunziro. Nkhani ikatchula limodzi la mabungwe amenewa koma sikupezeka patsamba lake, ndiponso ahedi kapena ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lanu, sanalandire kalata, idikireni kaye. Pa za malipiro mabungwe athu oimira aphunzitsi monga ZNUT, SESTUZ ndi BETUZ amafulumira kulengeza, koma kumbukirani kuti lililonse limafotokoza zokambirana mokomera mbali yake. Wailesi nayo tisainyoze. Breeze FM ndi Radio Maria zimafika kumene foni siikoka, ndipo sizidya bando.

Silabasi yeniyeniyo ndiyo yoyamba kukhala m'foni. Zonse zotsatirazi n'zolembedwa kunja kwa dziko lino, ndipo popanda silabasi pafupi mudzaphunzitsa mwaluso mutu umene ana sadzafunsidwa.

YouTube ndi Khan Academy ndiwo amatchuka kwambiri, koma ine ndimawaona ngati sukulu ya mphunzitsi, osati ya mwana. Mukapatsidwa phunziro lomwe simunaliphunzire ku koleji, monga zinachitikira ambiri pamene Computer Studies inabwera ndi silabasi ya 2013, vidiyo ya mphindi khumi ikhoza kukutsegulani mutu kuposa buku. Khan Academy imaposa YouTube poti masamu ake anasanjidwa mwadongosolo, mutu uliwonse ndi mafunso ake oyesererapo, pamene pa YouTube mumasaka nokha ndipo waluso ndi wosokoneza amaoneka ofanana. Koma Khan Academy ndi ya ku America. Mafunso ake ali m'madola, mamailosi ndi mapaundi, kutentha kuli mu Fahrenheit, ndipo magiredi awo sagwirizana ndi athu. Chingerezi chake n'chothamanga kwa mwana wa ku Kasenengwa amene anaphunzira m'Chinyanja mpaka Giredi 4. Ndiye pali bando. Mukachepetsa kuoneka bwino kwa vidiyo kuti musunge ndalama, manambala a pabolodi amasanduka chifunga, osasiyanitsa 3 ndi 8. Onerani nokha kunyumba, mumvetse, mawa mukafotokoze ndi choko m'mawu amene ana anu amamva.

Siyavula ya ku South Africa ili pafupi ndi ife kuposa pamenepo. Ili ndi mabuku aulere a masamu ndi sayansi a Giredi 7 mpaka 9, ndipo poti ndi zolemba ndi zithunzi chabe, bando imapita pang'ono. Miyeso ndi yathu yomweyi, mamita ndi makilogalamu. Nyengo zawo zimayenda ngati zathu, Juni ndi wozizira, ndipo funso la marandi kulisandutsa la makwacha n'kosavuta. Pofuna mafunso ambiri oyesererapo, apa ndiye pabwino kuposa Khan Academy. Chosamala n'chakuti amatsatira silabasi ya kwawo, choncho mutu wa Fomu 1 mukhoza kuupeza m'buku lawo la Giredi 7 kapena la Giredi 9. Sakani ndi dzina la mutu, osati ndi giredi.

Kwa aphunzitsi a sayansi, chimene ndimachiika pamwamba pa zonse ndi PhET. Inayambitsidwa mu 2002 pa University of Colorado Boulder ndi Carl Wieman, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu fizikisi, ndipo ndi yaulere. Si mavidiyo ayi, ndi zoyeserera zomwe mumazigwira nokha. Chilichonse mungachitsitse ngati fayilo imodzi yomwe imatseguka pa laputopu popanda intaneti. Tengani cha magetsi. Pasikirini pali batire, mawaya, mababu ndi switchi. Mumakoka batire, kulumikiza waya, kuika babu limodzi, layaka. Musanaike lachiwiri mumafunsa kalasi kuti chichitike n'chiyani, alembe yankho m'makope. Mukaliika motsatana ndi loyamba, onse awiri amafooka kuwala ana akuona. Mukachotsa limodzi, linalo lazima. Kenako muitane mtsikana wa kumbuyo awalumikize lililonse panjira yake, aone kuti kuwala kwabwerera ndipo kuchotsa limodzi sikuzimitsa linzake. Pamenepo funso lakuti n'chifukwa chiyani babu la kuchipinda likapsa la pabalaza limayakabe amayankha okha. Ilinso ndi zoyeserera za kapangidwe ka atomu, kusintha kwa madzi kukhala nthunzi ndi ayezi, ndi mafulakishoni kwa a masamu.

Malire ake ndi oonekeratu. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 makalasi athu adzaza, ndipo laputopu imodzi sionekera kwa onse. Popanda pulojekita muyenera kuitana ana m'magulu kutebulo pamene ena akulemba, ndipo izi zimafuna kukonzekera. Komanso chimene chingachitike ndi manja chichitike ndi manja. Mabatire awiri a tochi, kababu ndi waya wa wailesi yakufa zimaphunzitsa china chimene sikirini siingathe, monga kuti waya wosagwira bwino sayatsa kanthu. Amene amakonzekeretsa ana ku JETS, mipikisano ya sayansi ya ana a sukulu, akudziwa zimenezi.

TESSA ndi yosiyana ndi zonsezi chifukwa siphunzitsa phunziro, imaphunzitsa kaphunzitsidwe. Inakonzedwa ndi Open University ya ku Britain pamodzi ndi makoleji ndi mayunivesite a muno mu Africa, ndipo imalankhula za kalasi yomwe tikuidziwa: ana ambiri, mabuku ochepa, zipangizo zotola pamudzi. Zambiri zake ndi za pulayimale, koma ilinso ndi gawo la sayansi ya sekondale yoyambirira, ndi timitu tachidule ta momwe mungayendetsere kalasi yaikulu, kugawa magulu osasanduka msika, ndi kufunsa mafunso opangitsa mwana kuganiza. Poti silabasi yatsopano ikufuna kuti mwana azichita yekha, ambirife vuto lathu si manotsi kwenikweni koma kusadziwa chochita ndi ana ochuluka chonchija kwa mphindi makumi anayi popanda kuwalembetsa. Apa TESSA imaposa gulu lililonse la WhatsApp. Siyosangalatsa kuiwerenga wekha usiku, ndivomereze. Imakoma pa msonkhano wa aphunzitsi wa SPRINT, umene timaphunzitsana tokha pasukulu, wina atasindikiza masamba awiri, mukambirane, mmodzi akayese m'kalasi anzake akuonerera.

Ife a m'malire tili ndi chinanso chimene anzathu a ku Copperbelt alibe. Mapepala a JCE, mayeso a Fomu 2 a ku Malawi, ochokera ku MANEB, bungwe lawo la mayeso, amazungulira m'magulu athu, ndipo pa masamu ndi sayansi ndi abwino poyesererapo. Pa mbiri, malo ndi za boma asiyeni, ndi za dziko lina. Aphunzitsi a Chinyanja ndiwo ali pa umphawi weniweni pa intaneti. Nkhani za pa African Storybook ndi za ana aang'ono, choncho ambiri amatola zolemba za ku Malawi, kuseri kwa malire a Mwami. Chiyankhulo n'chimodzi, koma kalembedwe ka m'sukulu zathu kamaika c pomwe anzathu amaika ch, ndiye ndimeyo muikonze musanaipereke kwa ana amene adzalemba mayeso a ECZ.

Mapulogalamu ocheza nawo monga ChatGPT amalemba lesoni pulani m'kuphethira kwa diso, ndipo pamaonekedwe imatuluka yaudongo. Silabasi yathu saidziwa bwino pokhapokha mutaikoperamo nokha, ndipo akasowa yankho amapeka mosachita manyazi. Ayeseni pa zimene mukuzidziwa kale. Afunseni za Nc'wala ya ku Mtenguleni ndi Kulamba ya ku Mkaika, muone ngati mwezi, malo ndi mfumu zili m'malo mwake, ndiye mudziwe kuti muwakhulupirire mpaka pati pa mutu umene simukuudziwa.

Kolibri ndi Kiwix ndi nkhani ya sukulu yonse, osati ya mphunzitsi payekha. Kolibri imaikidwa pa kompyuta imodzi n'kumagawira mafoni ndi makompyuta ena apafupi popanda intaneti, ndipo mkati mwake mungaikemo Khan Academy ndi PhET yomwe. Kiwix imasunga Wikipedia momwemonso, ngakhale yathunthu ya Chingerezi ndi yaikulu kwambiri moti ndi bwino kutenga zigawo za maphunziro okha. Kwa sukulu yomwe ili ndi sola ndi makompyuta ochepa, izi ndimaziona zanzeru kuposa kuthamangira Starlink, yomwe inafika m'dziko muno mu 2023 koma imafuna ndalama mwezi uliwonse. Chofunika ndi munthu mmodzi woleza mtima woti aziisamalira, ndipo iyeyo akasamutsidwa asachoke ndi pasiwedi.

Ndikanakhala ndi bando imodzi chabe pamwezi, ndikanayamba ndi silabasi ya phunziro langa, kenako zoyeserera za PhET za temu imeneyo, masamba a Siyavula a mitu yomweyo ndi timitu tiwiri ta TESSA. Yotsalayo ndiyo ya WhatsApp, ndipo ndikanatseka zoti zithunzi ndi mavidiyo azitsika okha, chifukwa moni wa m'mawa wa maluwa ndiye amamaliza bando ya aphunzitsi ambiri. Pazoni, pakati pa sukulu zoyandikana, pakhale kugawana: wopita ku Chipata kapena ku Katete kumapeto kwa mwezi atsitsire onse, ena akopere pa fulashi kapena foni kwa foni pa msonkhano wotsatira. Fulashiyo muziyamba mwaiyeza mavairasi, makamaka ikadutsa pa kompyuta ya posindikizira mapepala m'tauni.