Paketi yotsukira mapeni a inki: kampira ndiye mwini ntchito, sandipepa samalani nayo

Nyenyezi 4 mwa 5. Ndaiyesa pa mapeni atatu odukiza polemba, awiri a konveta (kathanki ka inki kovulika, kokhala ndi chokokera inki) ndi imodzi ya pisitoni (yokokera inki m'thupi mwa peni momwemo).

M'paketimo muli kampira kopopera madzi konga kaja kochotsera mamina a khanda, sirinji ya singano yosasongoka, botolo la mankhwala otsukira, timalata tiwiri ta mkuwa topyapyala ta 0.05 mm, kagalasi kokuzira zinthu ka 10x, ndi sandipepa yosalala kwambiri ya nambala 12000. Pa zonsezi, chimene chachiritsa mapeni awiri mwa atatuwo makamaka ndi kampira.

Chifukwa chake n'chosavuta. Pansi pa nibu, kachitsulo kolembera ka kunsonga kwa peni, pali kapulasitiki kakuda kotchedwa feed, kokhala ndi timizere ting'onoting'ono momwe inki imatsikira, komanso njira yomwe mpweya umakwerera kukalowa m'malo mwa inki yatulukayo. Inki ikaumira m'timizeremo, kapena mpweya ukalephera kukwera, peni imalemba mawu awiri atatu n'kusiya pepala loyera. Konveta zambiri sizikwana ndi 1 ml yomwe, ndiye kutsuka ndi konveta n'kuzunguliza mpaka zala kuwawa, madzi akudutsa mopanda mphamvu. Kampira kamakankha madzi ambiri nthawi imodzi. Chotsani konveta kapena katiriji (kachubu kobwera ndi inki kale), vekani kukamwa kwa kampira kumbuyo kwa chogwirira (mbali ya peni yomwe ili ndi nibu), lozetsani nibu pansi, finyani pang'onopang'ono. Chogwiriracho chigwireni zolimba, chifukwa chikapulumuka chimakagwa chamutu mu sinki ndipo nibu imapindika. Bwerezani mpaka madzi atuluke oyera, kenako kulungani nibu ndi tishu, muimike chozondoka m'kapu usiku wonse. Mukathira inki musanaumitse, tsamba loyamba lidzatuluka lotuwa.

Madzi akhale ozizira kapena ofunda pang'ono, osati otentha, poti kutentha kumapotoza feed. Kumene madzi ndi a pamjigo, aja osiya zoyera m'ketulo, kutsukuluza komaliza kukhale kwa madzi a distilled, oyeretsedwa opanda mchere uliwonse. Amapezeka ku famase ndi kogulitsa zida za galimoto, koma werengani botolo bwino, lisakhale la asidi wa batire.

Pa peni ya pisitoni kampira kalibe polowera. Imeneyo mumangokoka madzi ndi kutulutsa, kambirimbiri. Pisitoni ikamalimba imafuna kadontho ka girizi ya silicone grease, yomwe m'paketi muno mulibe. TWSBI Eco imabwera ndi yakeyake pamodzi ndi kasipanala. Vaseline musaike, amawononga labala.

Mankhwala a m'botolo akununkha amoniya, ndipo agwiradi ntchito pa inki yomwe inauma kalekale imene madzi okha anaikanika. Kuviika chogwirira kwa ola limodzi kapena awiri, n'kupopanso ndi madzi katatu kanayi, zakwanira. Koma botololo silichedwa kutha, ndipo mukhoza kupanga anu: gawo limodzi la amoniya wa m'nyumba wopanda zonunkhiritsa, magawo 10 a madzi a distilled, ndi dontho limodzi la sopo wotsukira mbale. Kapepala ka malangizo sikanena kuti amoniya amadya aluminiyamu ndi mkuwa, choncho peni ya zitsulo zimenezi isagone m'mankhwalawa. Sikanenanso za inki zokhala ndi chitsulo zotchedwa iron gall, monga Diamine Registrar's kapena Rohrer & Klingner Salix, zimene zotsalira zake zimamvera viniga woyera wosungunula ndi madzi ambiri kuposa amoniya. Ndipo amoniya asakumane ndi JIK, zimatulutsa mpweya wa poizoni. Sipiriti ndi mankhwala ochotsera polishi ya zikhadabo, izo zokha zisayandikire n'komwe, zimang'alula ndi kusungunula pulasitiki.

Peni yatsopano ikamadukiza kungochokera m'bokosi, kawirikawiri ndi timafuta totsalira popanga feed. Pamenepo musawononge mankhwala. Dontho la sopo wa mbale m'kapu ya madzi likwanira, bola mutsukuluze bwino, chifukwa sopo akatsalira inki imayamba kutuluka mopyola n'kumwazika papepala.

Peni yachitatu inakana zonsezi, ndipo apa ndi pomwe kagalasi kanalowa ntchito. N'kapulasitiki, m'mbali kamaonetsa mwachimbuuzi, koma pakati kamaoneka mokwanira. Yang'anani nibu kuchokera kunsonga, kuwala kuli kumbuyo kwake. Mano awiri a nibu ayenera kulingana, ndipo mng'alu wa pakati pawo uzioneka kuwala, wotakasuka kumtunda n'kumapanikizika mukamayandikira kunsonga. Dzino limodzi likatsika, peni imakanda mbali imodzi. Likankheni m'mwamba ndi chikhadabo pang'ono pang'ono, mukuyang'ana pagalasi nthawi iliyonse. Mano akapanana kwambiri inki imasowa podutsa. Apa tengani kamodzi ka timalata ta mkuwa tija, mukalowetse pa kabowo ka pakati pa nibu, mukakokere kunsonga kawiri katatu. Kamatulutsa ulusi wa pepala ndi inki youma yomwe simumaganiza kuti ili m'menemo. Lezala ayi, amasiya zipsera m'kati mwa mng'alu. Onaninso ngati nibu yagona bwino pa feed: pepala likamalowa pakati pawo mosavuta, inki siifika kunsonga.

Ofuna kuchotsa nibu adziwe kuti mapeni amasiyana. Pa Pilot Metropolitan nibu ndi feed zimasololoka limodzi mukazikoka molunjika. Pa Lamy Safari nibu yokha ndiyo imavuka, mukaimata ndi seloteipi pamwamba n'kukoka. Feed isiyeni momwemo, timano take timathyoka msanga.

Nyenyezi imodzi ndachotsera sandipepa, osati kuti ndi yoipa, koma kapepala ka malangizo kaiika ngati mbali ya kutsuka kwa masiku onse. Ayi ndithu. Kunsonga kwa nibu kuli kachitsulo kolimba kobulungira, ndipo chimene mwachipala sichibwereranso. Sandipepa ili ndi ntchito pa vuto limodzi lodziwika, limene odziwa mapeni amalitcha baby's bottom: m'mphepete mwa mng'alu, m'kati, mwabulungidwa mopyola, kotero inki imalendewera m'mwamba osakhudza pepala. Chizindikiro chake, peni imakana mzere woyamba, makamaka pa pepala losalala, koma mukakanikiza pang'ono imayamba. Pokhapo, ndipo mano atalingana kale, donthezani madzi pa sandipepa, lembani nambala 8 kawiri katatu osakanikiza, yesani papepala, yang'anani pagalasi. Ngati peni ndi yodula kapena ikadali ndi waranti, ibwezeni kwa wogulitsa musanaipale, chifukwa mukaipala ambiri salandiranso.

Pali kudukiza kwina kumene paketi iliyonse singakuthetse. Peni ikamalemba bwino kumutu kwa tsamba n'kuyamba kuvuta kumunsi, ndi mafuta a dzanja lanu papepala, makamaka m'nyengo yotentha ya Okotobala. Ikani kapepala kena pansi pa dzanja. Ikamasiya mutalemba theka la tsamba, tsegulani muone konveta: mwina inki yakakamira kumtunda, kunsi kuli mpweya. Igogodeni, ndipo muitsuke ndi sopo pang'ono pogwiritsa ntchito sirinji ija. Inki yojambulira ya India ink ili ndi utomoni wotchedwa shellac, imeneyo ikauma mu feed imavuta kwambiri kuchotsa, musaithire mu peni yotere. Inki za pigment (za timibulu ta utoto tosasungunuka m'madzi) monga Platinum Carbon Black zimaloledwa, koma zimafuna kutsuka pafupipafupi, pomwe inki wamba mwezi ndi theka kapena iwiri zimakwana, kapena mukamasintha mtundu.

Kampira kameneka sikatseguka, choncho mukamaliza kafinyeni madzi onse, mukaimike kukamwa kuli pansi. Kakasungidwa konyowa kamachita nkhungu m'kati, ndipo ulendo wotsatira mudzaipopera nokha mu peni.