VirusTotal: chithandizo chaulere pofufuza fayilo yokayikitsa

Ambiri a ife kuno ku Harare timalowetsa fulashi imodzimodziyo m'makompyuta a m'mashopu osindikizira zikalata m'tauni, kenako n'kuibweza pa laputopu ya kunyumba kapena ya kumpingo, choncho si zachilendo kupeza fayilo yothera ndi .exe (kutanthauza pulogalamu ya Windows) imene palibe akudziwa kumene inachokera. Pa vuto lotereli ndimagwiritsa ntchito VirusTotal, ndipo ndikufuna kuti abale a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose aidziwe.

Inayambitsidwa mu 2004 ndi kampani ya Hispasec ya ku Spain, ndipo Google inaigula mu 2012. Mumatumiza fayiloyo pa webusaiti yawo osalipira kanthu, ndipo imaunikidwa nthawi imodzi ndi mapulogalamu ambirimbiri ogwira mavairasi, kuphatikizapo a ESET, Kaspersky ndi Microsoft.

Zotsatira zake zimafuna kuziwerenga mofatsa. Akadandaula mapulogalamu awiri okha, nthawi zambiri amakhala akuiganizira molakwa fayiloyo, koma ambiri akagwirizana, musaitsegule n'komwe. Fayilo yomwe onse aipeza yoyera ingakhalebe vairasi yatsopano, n'chifukwa chake ndimaonanso gawo la Details, lomwe limasonyeza tsiku limene inatumizidwa koyamba komanso ngati kampani yoipanga inaisainira. Malo amene mwaipeza nawonso ndi umboni, pakuti svchost.exe yeniyeni, yomwe ndi fayilo ya Windows imene mavairasi amakonda kutengera dzina lake, imakhala mu foda ya System32, ndipo ikapezeka pa fulashi kapena mu foda ya mafayilo osakhalitsa ya Temp ndiye kuti yangoba dzinalo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti zimene mwatumiza zimasungidwa, ndipo akatswiri ndi makampani olipira angathe kuzitenga. Alembi a mabungwe athu a maliro asatumizeko mndandanda wa mamembala, ngakhalenso zithunzi za mapasipoti. Njira yabwino ndi kulemba lamulo la Get-FileHash mu PowerShell, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo. Lamuloli limatulutsa nambala ya SHA-256, yomwe ili ngati chidindo cha chala cha fayiloyo, ndipo mumafufuza nambalayo yokha pa VirusTotal, zimene zimapulumutsanso data, yomwe kunoko si yotsika mtengo. Njirayi imathandiza pokhapokha ngati wina anaitumizako kale fayiloyo.

Zofooka zilipo. Mayina amene mapulogalamuwo amapatsa mavairasi, ngati Trojan.Generic, samuuza munthu wamba chimene chawonongeka, ndipo VirusTotal imangonena, siichotsa vairasi. Ikatsimikiza kuti fayilo ndi yoipa, pamafunikabe kusesa kompyuta yonse ndi Microsoft Defender kapena pulogalamu ina yotero, osaiwala fulashi imene inabweretsa vutolo.