Nyenyezi 4 mwa 5: wotiperekeza anali katswiri, koma mawu oti "ulendo wosavuta" musawakhulupirire

Tinapita ku Peru, dziko la ku South America, mu June, ine, bambo a kunyumba ndi ana athu awiri, mnyamata wa zaka 15 ndi mtsikana wa zaka 11. Ndalama yake tinasunga zaka zitatu, ina ya chipereganyu cha kuntchito kuno ku Joni, ndiye musaganize kuti akulembayu ndi munthu wongotola ndalama. Tinalipira kampani ina ya ku Cusco ulendo wa masiku 6: kutilandira pabwalo la ndege, mahotela, galimoto, sitima, matikiti, wotiperekeza, ndi tsiku limodzi loyenda pansi m'njira yakale ya Ainka, anthu amene ankalamulira kumeneko Asipanishi asanafike, mpaka ku Machu Picchu, mabwinja a mudzi wawo wakale wa pamwamba pa phiri.

Ndiyambe ndi chimene chawachotsera nyenyezi imodzi. Mzinda wa Cusco uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400. Sapitwa, nsonga ya Mulanje imene timaiopa ija, ndi mamita 3,002. Ndiye kuti mumatsika ndege muli kale pamwamba pa Sapitwa. Koma kampaniyi inakonza zoti tikafika m'mawa, titachezera m'ndege kudzera ku São Paulo ndi Lima, masana omwewo tikwere ku mabwinja a Sacsayhuamán, kumtunda kwa mzindawo. Bambo a kunyumba, amene sachedwa kukumbutsa anthu kuti anakwerapo Mulanje kawiri ali mnyamata, anangokhala pansi milomo itauma, ali wefuwefu ngati awathamangitsa agalu. Mtsikana wathu anasanza usiku wonse. Matenda obwera chifukwa chokwera pamtunda kwambiriwa eni ake amati soroche. Kuhotela anatipatsa tiyi wa masamba a coca, mutu unaphwako pang'ono, koma chimene chinatichiza n'kutsika. Titafika ku Ollantaytambo, pa mamita 2,800, aliyense anadya n'kugona tulo tabwino. Mukamalipira, auzeni kuti masiku oyamba mukagone kuchigwa cha Urubamba, Cusco abwere pamapeto. Iwo amadziwa zimenezi, sindikumvetsa chifukwa chake sanatiuze.

Wotiperekeza uja ndiye ayi, ndilibe naye chifukwa. Anali bambo wachikulire wolankhula Chiquechua (chinenero cha eni nthaka), Chisipanishi ndi Chingerezi chomveka bwino. Atangodziwa kuti bambo a kunyumba ndi mmisiri womanga nyumba, anasintha kafotokozedwe kake konse. Ku Qorikancha, kumene Asipanishi anamanga tchalitchi cha Santo Domingo pamwamba pa kachisi wa dzuwa, anawaimika pakhoma n'kuwauza kuti apeze pamene pali matope kapena simenti. Anayang'ana, anagwada, anavula magalasi n'kuvalanso. Palibe. Miyala inasemedwa mpaka kukumbatirana yokha, moti ngakhale lezala silingalowe pakati. Makoma anapendekera m'kati pang'ono, zitseko n'zotambalala pansi, zopanikiza pamwamba. Chivomezi cha 1950 chinagumula mbali ya tchalitchicho, khoma la Ainka osasunthika. Usiku umenewo mwamuna wanga anajambula miyala papepala la risiti mpaka ndinachita kuzimitsa getsi.

Ku Ollantaytambo anatisonyeza nkhokwe za miyala zimene anazimanga pakatikati pa phiri, poomba mphepo yozizira, kuti chimanga chisafumbwe. Ndinakumbuka agogo anga akuvutika ndi anankafumbwe. Anatifotokozeranso mmene Manco Inca, mfumu ya Ainka, anagonjetsera asilikali a Chisipanishi a Hernando Pizarro pamalo omwewo mu 1537, popatutsa madzi a mtsinje kuti asefukire m'dambo mahachi azimire m'matope. Mnyamata wathu, amene mbiri yakale kusukulu amagona nayo, anaika foni m'thumba.

Ku minda yakale yozungulira ya ku Moray ndi ku timaiwe ta mchere ta ku Maras anatithamangitsa, mphindi zochepa pena paliponse, koma pasitolo ya nsalu za ubweya wa alpaca tinakhala ola lathunthu. Mukudziwa kale chifukwa chake.

Tsono tsiku loyenda pansi. Pakapepala kawo analemba kuti n'losavuta, loyenera banja lonse. Bodza. Sitima inatitsitsa pa Km 104, popanda siteshoni, pambali pa mtsinje wa Urubamba. Tinawoloka mlatho, anaona mapasipoti athu ngati akugwirizana ndi zilolezo, kenako chitunda. Ndi makilomita pafupifupi 12, ndipo mbali yoyamba n'kukwera kokhakokha, padzuwa, pamasitepe amiyala osalingana, ina yofika m'bondo. Ife tinatenga maola 7. Wotiperekeza anayenda kumbuyo ndi mtsikana wathu, akumuwerengetsa masitepe m'Chiquechua, mpaka anaiwala zolira.

Koma titakhota phiri n'kuona Wiñay Wayna, ndinakhululuka zonse. Minda yosanjikizana ngati makwerero, yomangidwa ndi miyala pachiphedi choti mbuzi ingaganize kawiri, timigula ta madzi tikuyendabe, ma llama, ziweto zawo za makosi aatali, akudya msipu osatilabadira. Tinadyera pomwepo nkhomaliro, anthu ochepa, phokoso la madzi lokha. Kunena zoona, malo amenewa anandigwira mtima kuposa Machu Picchu weniweniyo. Chakumapeto kuli masitepe otsetsereka kwambiri amene tonse tinakwera chokwawa, manja ndi miyendo, ulemu titausiya pansi. Pamwamba pake ndi Inti Punku, chipata cha dzuwa, ndipo mudzi uja unali pansi pathu, dzuwa la madzulo likuwala pamiyala. Bambo a kunyumba anavula chipewa. Sanalankhule.

M'mawa mwake tinakwera basi kuchokera ku Aguas Calientes, katauni ka m'munsi mwa Machu Picchu, msewu wokhotakhota wa mphindi ngati 30, kukalowa m'mabwinjamo. Anamangidwa cha m'ma 1450 nthawi ya mfumu Pachacuti, ndipo wotiperekeza anaseka pamene mwana wathu anati anawatulukira ndi Hiram Bingham wa ku America mu 1911. Anati munthu sutulukira malo pamene wapeza mabanja akulima, ndipo amene wakulondolera njira ndi mwana wa pomwepo. M'kati mumayenda njira imodzi imene yalembedwa patikiti, kubwerera m'mbuyo saloleza, ndipo zimbudzi zili kunja kwa geti, zolipira. Pitani musanalowe, makamaka ngati muli ndi ana.

Zakudya zinali bwino. Mondokwa wawo ndi wa maso akuluakulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu, amadya ndi tchizi. Mbatatesi n'zamitundumitundu, zina zofiirira, zina zakuda. Tsiku lina anatibweretsera mbira yowotcha yathunthu, mutu ndi mano zili pompo. Ana anakana, ine ndi bambo awo tinamaliza, chifukwa kwathu ku Ntcheu mbira sitinayambe taiopa. Nsima yokha ndi imene tinaisowa.

Zilolezo za njirayi zimatha msanga, ife tinalipira kudakali miyezi 5, ndipo mu February amatseka. Tengani majuzi, usiku wa June ku Cusco kumazizira kuposa ku Dedza. Ndalama yothokozera wotiperekeza ndi dalaivala sili pamtengo umene amakuuzani, ife tinazidziwira tsiku lomaliza n'kuyamba kupapasa m'matumba kufuna ma sol, ndalama za kumeneko. Ndipo ku Machu Picchu valani buluku lalitali. Kuli tintchentche ting'onoting'ono toluma mosamveka. Ine ndinavala siketi, ndipo mpaka lero akakolo anga ali ndi timabala takuda.